Katoni ya sopo yomwe inabweza Esinati m'kalasi

Lachiwiri ndinatsala pang'ono kugwa pa kabaza pamsika wa Ngabu. Foni inalira, ndipo anali Esinati, mwana wa mlongo wanga, akukuwa ngati waona ng'ona: "Malume, ndakhoza! Masamu aja ndakhoza, ndikupita chaka chachiwiri!"

Ndinatsika n'kuvina pafumbi pomwepo, ine ndi imvi zangazi. Amayi ogulitsa masau anaseka mpaka misozi. Aseke, ine mtima unali mbee!

Mudziwe kuti mwana ameneyu, atangotha miyezi itatu ku koleji ya zaulimi, anabwera ndi chikwama chake chonse, ati sukulu basi, bola kukatola thonje. Masamu a chaka choyamba ankangomudutsa.

Nanga bwanji osafunsa? Apa ndiye pagona nkhani. Mphunzitsi akati "Mwamva?", kalasi yonse "Eee!", maso pansi. Kwathu kuno kufunsa wamkulu kawiri kuli ngati kumuuza kuti satha kulankhula. Timati safunsa anadya phula, koma wofunsayo timamutcha wamwano.

Mphunzitsi wawo, mayi wina watcheru, ataona mipando ikutsala yopanda anthu, anaika katoni ya sopo pakhomo. Aliyense potuluka aziponyamo kapepala ka chimene sanamve, osalemba dzina, ndipo m'mawa mwake phunziro lizayambira pa timapepalato. Tsiku loyamba katoni inadzaza!

Mnzake wa Esinati anamuimbira foni: "Iwe, bwerako msanga! Zija unkati zikuvuta iwe wekha, anthu alemba zomwezo mbwee. Tonse tinali mumdima!"

Esinati anasiya thumba la thonje, nakwera minibasi. Lero ndi uyo wakhoza.

Ndi angati ochokera ku Nsanje, ku Bangula, ku Chikwawa amene amathawa chaka choyamba poganiza kuti mutu wawo ndi wouma, chonsecho vuto ndi ulemu umene tinawaphunzitsa? Akuluakulu a makoleji, izi sizilira nyumba yatsopano. Yesani, muone.

Koma povinapo ndinakumbuka mlandu wanga, ndipo manyazi anandigwira. Ali Sitandade 3, Esinati anandifunsa chifukwa chimene Shire amasefukira kuno pomwe mvula yagwa kumtunda. Ndinasowa poyambira, ndiye ndinamukalipira: "Mwana wanji wamafunso ngati wapolisi!" Kuyambira tsikulo sanandifunsenso kanthu, ine n'kumauza anthu kuti mwanayu ndi waulemu.

Nanga mwana wanu uja mumamutama kuti ndi wofatsa, ndi wofatsadi, kapena munamutseka pakamwa ndinu?