Mankhwala m'Beseni la Apongozi

Ndinakwatiwa chitengwa kwa Mwape m'zaka za Chitaganya, ndipo chinthu choyamba chimene ndinadana nacho pamudzipo chinali beseni losambira m'manja. Linali limodzi banja lonse. Ankayamba ndi apongozi aamuna, iwo amene ankamina ndi zala n'kupukutira pamzati. Kenako amuna anga, azilamu, apongozi aakazi, ana ochokera kubusa, ine kumapeto. Pofika kwa ine madziwo ankakhala ngati otsukira matumbo a nkhuku. Dzanja lotuluka mmenemo ndi limene ndinkadyetsera phala mwana wanga wamkazi.

Mwanayo anayamba kutsegula m'mimba mpaka liwombo kulowa. Mizu italephera, ndinamubereka ulendo wa kuchipatala chaching'ono cha ku Nyimba. Wothandiza dokotala, bambo wamtali wovala kabudula wa khaki, atamumwetsa mankhwala anandifunsa mmene timasambira m'manja kwathu. Ndinamuuza. Anapita pakhonde pamene panali beseni la odikirira odwala, natapamo dontho limodzi n'kuliika pakagalasi, pansi pa makina oonera tizilombo.

"Tsinzinani diso limodzi, amai, muone."

Mayo ine! Dontho lija linali mudzi wathunthu. Tina tobulungira, tina tatitali ngati mphutsi, tikusambira, tikugundana, tili piringupiringu. Malovu anadzaza m'kamwa, ndinathamangira panja kukalavula. Nditabwerera, bamboyo anati timeneti ndi tatikulutikulu, tilipo tina timene galasi lakelo silingaone, tomatirira pa makapu ndi pa zitseko. Kenako anadonthezapo mankhwala onunkha ngati phula la pamsewu. Nditasuzumiranso, palibe kamene kankagwedezeka.

Anandithirira mankhwalawo m'kabotolo. "Madontho pang'ono m'madzi osamba chabe, osati akumwa."

Tsono mtengwa angawauze bwanji apongozi kuti manja awo ndi auve? Ndinangodonthezamo mwakachetechete kuseri kwa khitchini. Madzi anayera ngati mkaka. Ndinagwada nalo beseni pamaso pa apongozi aamuna, iwo n'kukwinya mphuno.

"Mwaikamo chiyani umu?"

"Mankhwala, bambo."

Kuchipatala mawu amenewa ndi abwinobwino, koma pamudzi, mkazi wothira mankhwala m'madzi a apongozi mobisa ali ndi dzina limodzi lokha.

"Wavomela yekha!" anakuwa apongozi aakazi. "Mailo anali ku Nyimba, lelo watibwelela ndi mankhwala!"

"Ndi ophela tizilombo, amai," ndinatero.

"Ndiye zilombozo ndife?"

Zinali zaka zimene chilichonse chochokera kuboma anthu ankachikayikira, ngakhale shuga ankati ngwotseketsa mimba. Amuna anga, amene ndinkayembekeza kuti andiikira kumbuyo, analanda kabotolo n'kukakaponya m'chimbudzi. Mpaka lero ndikakumbukira msana wawo ukupita kuchimbudziko, mtima umandiwira.

Kuyambira pamenepo palibe amene ankafuna kukhudza chimene ndakhudza. Anandipatsa mbale yobenthuka kuti ndizisambira ndekha, ndizidyera kwandekha kukhitchini ndi mwana wanga. Kuchitsime akazi ankasuntha mitsuko ndikafika. Zinkandipweteka, sindinama. Koma madzi anga anali oyera, ndinkawatunga ndekha n'kuwawiritsa. M'mimba mwa mwana munaleka, masaya n'kubwerera.

Itakwana nthawi yokolola, mkulu wa mpingo anabwera kudzatiyanjanitsa. Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, nanena kuti banja la Chikhristu silidyera pawiri. Ndikangopepesa, anatero, nkhani yatha, ndibwerera kukasamba ndi kudya pamodzi ndi anzanga monga kale. Apongozi aamuna anavomera ndi mutu, kenako anatsokomolera m'dzanja chifuwa chochokera pansi penipeni, n'kuyang'ana chimene chatuluka.

Onse ankadikira ine. Mwana wanga anali pamiyendo panga, akuyamwa zala zake. Ndinaweramitsa mutu, osapepesa, mpaka mkulu wa mpingo anatopa n'kutenga njinga yake. Ndinakhala mfiti ya pamudzipo mpaka mwanayo analowa sukulu.