Mumadikira kuti khungu lakuda lifiire?

Lachisanu lapitali ndinagwira dzanja la nesi mokakamiza n'kuliika pa bere la mnzanga. Anakuwa. Anandiitanira mlonda. Akuti akandisumira. Akasume. Koma asanatero, imvani zomwe kiliniki ina ya ku Nuaija, kuno ku Doha, yachitira mayi wodwala khansa ya m'mawere.

Ndimutchula kuti Asiyatu, ngakhale si dzina lake lenileni. Kwawo ndi ku Machinga, ana ake ali kumudzi ndi agogo awo, ndipo iye amagwira ntchito ya m'nyumba ku Nuaija komweko. Mwezi watha madokotala a kuchipatala chachikulu anamuchotsa chotupa m'bere lakumanzere. Opaleshoni inayenda bwino, amenewo ndilibe nawo mawu. Anamuuza kuti bala likangopola ayamba kemo, mankhwala opha khansa yotsalira m'thupi aja, ndipo anatsindika kuti asachedwe. Zotsuka bala ndi kusintha bandeji zinapita ku kiliniki yaing'ono yapafupi ndi nyumba ya abwana ake, kumene inshuransi yawo imalipira.

Amayi a ku Malawi okhala kuno tili ndi gulu lathu la pa foni. Ena ndife a m'mahotela, ambiri ndi a m'nyumba. Asiyatu atadwala tinagwirizana zomuperekeza mosinthana. Vuto ndi lakuti pafupifupi tonse timapuma Lachisanu. Choncho Lachiwiri anapita yekha, dalaivala wa madamu ake anangomutula pakhomo n'kubwerera.

Tsiku limenelo n'kuti bere litatupa kale. Nesi anatsegula bandeji, kusuzumira, n'kufunsa funso limodzi: kodi waona kufiira? Asiyatu anayang'ana bere lake. Munthuyu ndi wakuda bii, ngati mmene analili mayi anga. Anayankha zoona, kuti sanaone kufiira kulikonse. Nesi anafunsa za ululu. Apa ulemu wa kwathu unamupweteketsa. Mayi wa ku Machinga sangauze munthu wovala yunifolomu kuti ndikufa kuno. Anati, "Pang'ono." Aliyense wa ife amadziwa kuti mayi wakwathu akati pang'ono, ndiye kuti usiku sanagone. Nesi uja anamata bandeji yatsopano, anati mafi mushikila, ndiye kuti palibe vuto, abwerenso pakafiira.

Pakafiira. Asiyatu anabwerera kukasita mikanjo ya abwana, akudikira kuti afiire.

Lachinayi masana anatumiza uthenga wa mawu m'gulu. Mano ankagundana. "Azimayi, pepani ndakusokonezani pa ntchito. Kodi kuzizidwa chonchi n'chifukwa cha eyakoni yoziziritsa m'chipinda muno?" Panja phula likusungunuka ndi dzuwa, munthu wafunda bulangete. Tinamuuza kuti athamangire kuchipatala. Madamu anali ndi alendo, anati mawa.

Mawa lakelo ndinakamutenga Asiyatu pa takisi. Ndili m'galimoto ndinamugwira pamphumi, ndinabweza dzanja ngati ndakhudza simbi. Tinafika kiliniki ikungotsegulidwa, mapemphero a masana atatha.

Mtsikana wa pa kauntala sanamuyang'ane n'komwe. Funso lake loyamba linali lakuti madamu ali kuti. Ndinati wodwala ndi uyu waima apayu. Anati tsiku lake losintha bandeji ndi Lachiwiri. Ndinati thupi latentha, munthuyu wachitidwa opaleshoni ya khansa. Anatilozera mipando ndi cholembera. Obwera pambuyo pathu ankalowa n'kutuluka, ena odwala chimfine chabe, ife tili pompo. Asiyatu anatsamira paphewa langa, kutentha kwake kukudutsa bulauzi yanga. Moyang'anana nafe, pakhoma, panali chithunzi chachikulu chophunzitsa amayi zizindikiro zoopsa za bere. Mabere onse pamenepo ndi oyera ngati mkaka, kufiira kwake kooneka uli pakhomo. Kodi ife athuwa sadwala? Kapena sajambulika?

Nthawi itadutsa 4 koloko anatiitana. Nesi yemwe uja. Anazula pulasitala ngati akutsegula katoni. Asiyatu analuma nsonga ya mpango wake.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona, ine wosaphunzira za chipatala. Bere linali litakula kuposa linzake, lolimba ngati ng'oma yowamba. Khungu linkanyezimira ngati biringanya, lakuda kwambiri kuposa mbali inayo. Fungo linadzaza chipinda. Nesi anaima chapatali, manja m'magolovesi, anapendeka mutu. Anati sakuona kufiira. Anati ndi kutupa wamba kwa opaleshoni, amwe mapiritsi opha ululu, halasi, zatha.

Ndinapempha kuti amuyeze kutentha kwa thupi. Anati anamuyeza kale pakhomo. Bodza. Ndinali naye kuyambira pa geti, palibe anamuyandikira ndi kanthu. Ndinapempha dokotala. Anati dokotala amaona okhawo amene iye wawaona kuti akufunika. Kenako anamwetulira, n'kunena mawu omwe mpaka lero akundiwotcha m'khutu. Anati ndisade nkhawa, anthu a khungu lathuli ndi olimba, samva ululu kwambiri, amachira msanga.

Pamenepo m'maso mwanga munada. Ndinamugwira pamkono, ndinamukoka, ndinakanikiza chikhatho chake pa bere lija. Ndinati, "Gwira. Maso ako akanika, gwira."

Asiyatu anandikoka siketi. "Achemwali, musatero. Atithamangitsa m'dziko muno."

Nesi anadzikoka mwamphamvu, thireyi ya zitsulo inagwa, lumo ndi thonje mbwee pansi. Bala linatseguka chakumapeto kwake. Mafinya anatuluka ngati wapyoza thumba, pa golovesi, pa yunifolomu, pa nsapato zake zoyera zija. Achikasu, onunkha, ambiri. Ndinamufunsa ngati mtundu umenewo ulipo pa chithunzi chawo.

Dokotala amene anali wotanganidwa masana onse anatulukira nthawi yomweyo. Mukudziwa chomwe anayamba kuyeza? Mkono wa nesi. Anautembenuza uku ndi uku kufuna kuona ngati ndamusiyira chizindikiro. Wodwala khansa ali chigonere pabedi, bala lili yasa, akunjenjemera ngati tsamba. Dokotala anati nkhaniyi ndi ya apolisi, ndipo sagwira wodwala mpaka ine nditatuluka.

Mlonda analowa akuthamanga, anandigwira paphewa ngati thumba la simenti. "Yala, yala, fulumira, panja." Ndinamutukwana m'Chichewa, mawu oti sindingawalembe pano. Dzanja lake linafooka.

"Asisi, kodi ndinu akwathu?"

"Ndine wakwanu. Ndipo amene wagona apoyo ndi mlongo wanu. Kokani tonse awiri."

Anayang'ana pabedi, anayang'ana dokotala. "Asisi, mundichotsetsa ntchito. Kumudzi akudya yunifolomu yomweyi. Tulukani bwinobwino, chonde."

"Ndituluka naye."

Mlonda uja anatuluka, anabwera ndi njinga ya odwala, anaiimika pafupi ndi bedi. Akutikankhira kukhomo anayankhula osatsegula bwino pakamwa, maso ali kutsogolo. "Imbani ambulansi muli panja. Muno musadikire kanthu." Pakhomo anakweza mawu, kutikalipira m'Chingerezi kuti abwana ake amve. Achimwene, ngati mukuwerenga izi, sindinakukwiyireni.

Ambulansi sinachedwe. Kuchipatala chachikulu dokotala wamkazi sanafunse za kufiira. Anaika kuseri kwa dzanja pa bere lodwala, kenako pa labwino, n'kuitana anzake. Kuyeza kwake kunali komweko, manja, omwe nesi wa ku Nuaija nayenso ali nawo awiri. Anatiuza kuti bala linalowa tizilombo kalekale ndipo tayamba kufika m'magazi. Anamugoneka, anamuika madiripi, anatsegulanso bala lonse kuti alitsuke. Zomwe zinasokedwa bwinobwino mwezi watha, lero ndi dzenje lolowa chibakera cha mwana.

Ndipo kemo yaimitsidwa. Sangamuyambitse ali ndi bala lotere. Ndinafunsa kuti mpaka liti, dokotala anati sangalonjeze. Khansa nayo yaimitsidwa? Ndani akaiuze kuti idikire kaye, popeza nesi sanaone kufiira?

Tsono eni kiliniki, ndiyankheni. Mu Doha muno amayi akuda tadzaza m'makhitchini, m'mahotela, m'masitolo. Inshuransi yathu mumailandira osafunsa mtundu wa khungu. Nanga bwanji palibe anaphunzitsa antchito anu momwe bala loipa limaonekera pa thupi lathu? Ndani anauza nesi wanu kuti sitimva ululu? Anaziwerenga kuti? Choyezera kutentha kwa thupi chimasungidwira alendo ake ati? Ndi amayi angati ena omwe munawabweza kunyumba kuti akadikire kufiira, opanda wowaperekeza wamwano ngati ine? Gulu lathu lakapereka dandaulo ku ofesi yoyang'anira zipatala, ndipo dzina la kiliniki yanu lili kumeneko. Za mkono wa nesi ndikayankha ndekha, kulikonse kumene mundiitanire. Ndikabwera ndi zithunzi za bala.

Azimayi anzanga, inu a ku Al Markhiya, a ku Nuaija, a m'mahotela, tamverani. Mnzathu wodwala bere asadzapitenso yekha kuchipatala, ngakhale pakati pa sabata. Tipemphe chilolezo, tisinthane mashifiti, tipsetsane mtima ndi mamadamu, koma pakhale munthu. Akakufunsani za kufiira, auzeni kuti khungu lathu limada, limanyezimira, limatentha, limalimba. Auzeni agwire mbali zonse ziwiri. Akafunsa za ululu, mawu oti pang'ono muwasiye kumudzi. Nenani kuti zikupweteka koopsa, mobwerezabwereza, mpaka atope nanu. Thupi likatentha pambuyo pa opaleshoni musadikire tsiku la bandeji kapena alendo a madamu, imbani ambulansi.

Dzulo ndinakamuona Asiyatu. Kutentha kwatsika, wayamba kumwa phala. Anandiitana ndi chala kuti ndiwerame, ndinaganiza kuti akufuna madzi. Anandinong'oneza kuti, "Achemwali, mukapeza mpata mukandipepesere kwa anesi aja. Ndinawaipitsira nsapato."

Zina zonse zomwe angandipemphe ndimuchitira. Chimenecho ndakana.