Odi Amene Sindinayankhe

Atanditumiza ku Rufunsa kudzaphunzitsa masamu pa sekondale, ndinapezanso kaganyu ku yunivesite ina ya ku Lusaka. Ndinkaphunzitsa ophunzira a kutali, aja sitionana nawo maso ndi maso. Ntchito yake inali kujambula phunziro pa foni, kulikonza pa laputopu, n'kulitumiza pa intaneti. Pokamba pakamwa zimaoneka zophweka.

Wotiyang'anira anali bambo wina wa mawu ozizira, amene ndikhulupirira sanagonepo kunja kwa Lusaka. Vidiyo yanga yoyamba anaibweza, akuti munkamveka tambala. Yachiwiri anaibweza, akuti nkhope yanga sinkaoneka bwino chifukwa cha mdima. Nanga malaiti ndimapanga ndine? Ndinakokera bolodi pafupi ndi windo, n'kuyamba kujambula masana, windo lili pululu kuti kuwala kulowe.

Vuto lenileni linayambira pamenepo. Nyumba imene ndinkachita lendi inali m'mbali mwa kanjira kopita ku mjigo, ndipo anthu a kuno sadutsa pakhomo pa munthu ngati akudutsa pa chulu. Ndangoyamba kufotokoza, choko chili m'manja, ndamva, "Odi kuno! Mwachoma bwanji, ba madamu?" Ine n'kuyankha, n'kufunsa za ana, za kumunda, za mwendo uja unkawawa. Akapita ndiyambenso, posakhalitsa wina ndi ndowa yake, "Odi!"

Madzulo ndinkakhala pa laputopu kudula malonje onsewo. Ndikamaliza, vidiyo inkadumphadumpha. Apa dzanja langa lili m'mwamba, apa lili pansi, nambala zikungotulukira pa bolodi zokha. Kutumiza kwake nakonso inali nkhondo ina. Ndinkapita kukaima kumseu waukulu kumene netiweki imagwirako, foni m'mwamba, mathiraki akundithira fumbi, mzere wosonyeza kuti vidiyo ikupita ukukwawa ngati nkhono. Ukafika kumapeto n'kuduka. Yaba! Tsiku lina ndinatukwana mokweza, amayi ogulitsa nthochi n'kundiseka.

Vidiyo yodukaduka ija anaibwezanso. Bambo uja anaimba foni. "Ba madamu, sitifuna zodumpha. Jambulani kamodzi, kuyamba mpaka kumaliza, osaima. Ikabwereranso iyi, kosi tipatsa wina." Ndinamufotokozera za odi. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Auzeni kuti muli bize." Ndinakwiya kwambiri. Mungauze mudzi wonse kuti usiye kulonjera?

Loweruka ndinakonzeka. Tambala ndinamutsekera m'khitchini, mwana wanga ndinamutumiza kwa anzake, foni ndinaitsamiritsa pa mabuku pamwamba pa mpando. Phunziro linayenda, mwe! Mawu ankatuluka okha, choko sichinathyoke, dzuwa lili bwinobwino pa bolodi. Ndinali nditapitirira pakati, pamalo ovuta pamene ophunzira ambiri amasokonezeka. Chakudza sichiimba ng'oma.

"Odi!"

Mawuwo ndinawadziwa. Anali amayi eni nyumba, amene ankakhala kuseri kwathu. Mayi ameneyu ndiye anandilandira nditafika ndi katundu wanga pa minibasi, ndiye ankasunga mwana wanga ndikakhala kusukulu, ndiye anandiperekeza kuchipatala cha ku Mpanshya mwanayo atadwala malungo. Sankanditcha madamu ayi, ankati "mwana wanga."

Ndinapitiriza kulemba.

"Odi kuno!"

Ndinawaona ndi kona ya diso, ataima pafupi ndi windo, mbale yovundikira ili m'manja. Nawonso ankandiona. Koma pakamwa panga pankangotuluka masamu. Ndinkadziuza kuti kwatsala pang'ono, adikire, ndikawapepesa.

"Odi, mwana wanga."

Kachitatuko ananena motsitsa. Kenako ndinamva mapatapata awo akubwerera.

Nditazimitsa foni ndinathamangira kwawo. Ndinawapeza akusenda nyemba pakhonde. Ndinagwada, ndinafotokoza za yunivesite, za bambo wa ku Lusaka, za vidiyo yodumpha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Palibe kanthu, ba madamu," anatero, maso ali pa nyemba. "Munali pa ntchito." Za mbale ija sananene, inenso sindinafunse.

Pa laputopu ndinayesa kuchotsa odi uja, koma anali atalowerera m'mawu anga. Kumudula kunali kudula ndi phunziro lomwe. Ndinati basi, n'kamawu kakang'ono, ndani angakamve. Ndinapita kumseu n'kutumiza vidiyoyo, ndipo bambo uja anailandira. Ndinapuma.

Sabata isanathe foni inalira. Anali bambo uja. "Ba madamu, vidiyo yanu taichotsa. Mwaona zimene ophunzira akulemba pansi pake?" Ndinali ndisanaone, netiweki yake iti? Anandiwerengera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za masamu. Wina anati, ndani anali pakhomo? Wina anati, ba madamu yankhani odi, mwina ndi uthenga wa maliro. Wina anati walephera kumvetsera, mtima wake unali kwa mayi uja waima panja. Ophunzira athu ambiri ndi aphunzitsi ndi manesi a kumidzi, anthu oleredwa ngati ine.

Ndiye bambo uja, yemwe uja anati ndiwauze kuti ndili bize, anawonjezera kuti, "Komanso inu, munthu wamkulu kuodira katatu, osayankha? Sizinaoneke bwino." Ndinafuna kuponya foni pakhoma. Ndinangoluma mlomo, chifukwa anati andipatsa mpata womaliza.

Nkhani inali itafika kale ku mjigo. Loweruka lotsatira ndinakokeranso bolodi pawindo, ndinatsamiritsa foni, ndinayamba. Ndinajambula kamodzi, kuyamba mpaka kumaliza. Anailandira, kosi inakhala yanga, ndipo bambo uja anandiyamikira kuti tsopano kwanu kuli zii, mwachita bwanji?

Pojambula paja ndinkawaona azimayi akudutsa ndi ndowa zawo, amayi eni nyumba ali patsogolo. Atafika pafupi ndi windo langa anasiya kucheza, anapatuka, n'kudzera kuseri kwa chimbudzi kumene kulibe ndi njira yomwe.