Foni ya Mai Forget

Mwa amayi tonse oyendera odwala pakomboni pathu, kufupi ndi tauni ya Concession, palibe amene wasambitsa anthu ambiri kuposa a Ricardina, amene timawatchula Mai Forget. Makolo awo anachokera ku Tete. Kuwerenga sadziwa, choncho pagulu lathu la pa WhatsApp timatumizirana mauthenga a mawu. Koma iwo ankawamvera foni ili pamwendo, mokweza, ali mushedi yosankhira fodya.

Tsiku lina shedi yonse inamva za mkulu wina amene ankanyowetsa zofunda. Mkuluyo anatiletsa kupondanso pakhomo pake. Pamenepo Amelia, woyang'anira gululo, anatsegula kagulu kena ka anthu anayi, kopanda Mai Forget. Inenso ndinalimo. Ndinkati tikuteteza odwala, koma pa Misa, popatsana mtendere, ndinkayang'ana pansi.

Patatha mwezi, Amelia anasokoneza magulu awiriwo, n'kutumiza uthenga kugulu lalikulu. Shedi yonse inamva mawu ake akuti, "Izi zokha Mai Forget asamve."

Poweruka, Mai Forget anadzaika beseni ndi thaulo la gulu pakhomo panga.

"Tengani, Mai Chiso. Mukufuna manja anga okha, makutu anga ayi."

Loweruka tinayenera kusambitsa agogo ena odwala, Sekuru Gray, ndipo iwo salola munthu wina kuwagwira kupatula Mai Forget.

"Asisi, sitikukana inu," ndinatero. "Ndi foni yanuyo. Imalalikira kuposa akatekisiti."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi.

"Maiwe! Nkhani yake ndi imeneyi? Amayi anayi a imvi, mwezi wonse kubisala ngati mbewa, osangondiuza? Ine ndimayesa mwandipeza ndi mlandu!"

Ndinachita manyazi. Ndinawasonyeza kuti foni ukaiika kukhutu imanong'ona. Sankadziwa, ndipo palibe wa ife amene anaganizapo zowaphunzitsa.

"Kaguluko kafe lero," anatero. "Ndipo Amelia apepese komwe anandichititsira manyazi."

Amelia anapepesa pagulu lalikulu, ndipo uthenga umenewo Mai Forget anaumvera mushedi, mokweza, kawiri. Tinagwirizananso kuti matenda a munthu tizikambirana pamaso tikatuluka m'tchalitchi. Pafoni tizingotchula tsiku ndi nthawi.

Loweruka Sekuru Gray anasamba. Kushedi anthu akudandaulabe kuti wailesi yawo inatsekedwa. Mai Forget amangowayang'ana, foni ili kukhutu, n'kumagwedeza mutu ngati akumva zazikulu.