Zigoli 94 za Telala

M'buku la bungwe loyendetsa mpira munalembedwa kuti ine ndinagoletsa zigoli 94 pa zaka khumi ndi zinayi. Ine amene, telala wodwala mphumu, woti ndikangokwera masitepe asanu chifuwa chimayamba kuimba nyimbo. Mpira ndinaugwirapo kamodzi kokha, tsiku limene unalowera pazenera n'kundimwazira mabatani. Zigolizo n'za achimwene anga, amene masapota amawatcha Nyundo. Langa ndi dzina lokha. Zaka zonsezo palibe anadandaula, mpaka tsiku limene eni ake anazifuna zigoli zawozo kuti apezere ntchito.

Achimwene anali ndi zaka 24 pamene timu ina ya m'ligi yaing'ono inalengeza kuti ikufuna anyamata osapitirira zaka 19. Kumpira aliyense amadziwa kuti munthu amakhala ndi zaka zamitundu iwiri, zobadwira ndi zampira. Ena amangodula ndi cholembera. Koma achimwene, poti ndi munthu wodana ndi bodza, anati iwo sadula kanthu, angobwereka zanga.

"Mphwanga, tandibwereka chikalata chako chobadwira chija. Chaka chimodzi chokha. Akangondiona a matimu akuluakulu, tikonza zonse."

"Nanga ine nditsala ndi chiyani, achimwene?"

"Iwe si umasoka? Nsalu imafunsa zaka?"

Amayi anatsegula sutikesi, n'kutulutsa chikalatacho m'pepala la pulasitiki. "Ndi mkulu wako ameneyu, usamuumire mtima," anatero. Sabata yotsatira khadi la ligi linatuluka: nkhope ya achimwene, dzina langa, zaka 18. Nkhopeyo inali itametedwa mpaka kutupa.

Timu yoyambayo inali ya bwana wina wa sitolo ya zipangizo zomangira. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu osewera ankatsitsa matumba a simenti m'galimoto, ndipo bwanayo ankati amenewo ndiwo mafizo. Loweruka ankavala jezi n'kusanduka akatswiri. Bwalo lawo linali lopendekeka, moti amene wapambana pa kuponya ndalama sankasankha mphepo kapena dzuwa, ankasankha kutsetsereka. Pafupi ndi ngodya ina panali chulu, chimene achimwene amati chinawapatsira mipira yabwino kuposa anzawo onse apakati.

Kenako anawagula a timu ya mwini malole. Ndikati kugula musaganize patali: timu yakaleyo inalandira mipira iwiri ndi pampu. Kumeneko ankapita kumasewero atakhala pamwamba pa katundu, n'kukafika miyendo itachita dzanzi, chigawo choyamba chonse n'kumathamanga ngati abakha. Atachoka uko anapita ku timu ya fakitale ya njerwa, komwe anakhalitsa.

Ofufuza osewera a matimu akuluakulu aja nthawi zonse ankabwera sabata yamawa. Mmodzi anabweradi. Anakhala pampando wobwereka kutchalitchi, anaona achimwene akugoletsa ziwiri, masewero atatha anawaitana. Anayang'ana khadi, anayang'ana nkhope, anabwereranso pakhadi.

"Zaka 23?"

"Eya, bwana."

"Pepani, mwana wanga. Zikuoneka kuti zakuzunzani kwambiri."

Anakwera galimoto yake n'kumapita. Kuyambira pamenepo achimwene ankameta mpala Lachisanu lililonse, kuti dazi ndi imvi zisakaulule za m'banja. Mwana wawo wamkazi, amene malinga ndi bukulo anamubereka ali ndi zaka 14, anamuletsa kukuwa kuti "ababa" pabwalo.

Koma ndisawanamizire, mpira ankautha. Ukabwera wam'mwamba ankadumpha mochedwa kuposa aliyense, koma mutu umene unkaupeza unali wawo. Goloboyi ankangomva ukonde ukulira kumbuyo. Nambala 9 ndinkawasokera ndine chaka chilichonse, ndipo bwalo lonse likamakuwa kuti "Nyundo! Nyundo!" ndinkanyada mpaka misozi. Ndinkapsanso mtima, chifukwa pawailesi akamawerenga zotsatira ankatchula ine, makasitomala n'kumandiseka kuti ndagoletsa ndili pamakina.

Bondo linawathera ali ndi zaka 38. Mwini fakitale anadandaula pagulu kuti n'zachisoni mnyamata wa zaka 32 kusiya mpira msanga chonchi. Anawapatsa satifiketi ya m'felemu ya galasi, zilembo zagolide. Alamu atawerenga dzinalo anangoti, "Munthu ameneyu sindinakwatiwe naye. M'nyumba mwanga asalowe." Satifiketiyo inabwera kushopu kwanga.

Patapita miyezi, bungwe lija linalengeza maphunziro a ukochi kwa osewera akale amene anakwanitsa zaka khumi m'ligi. Sukulu ina inawalonjeza achimwene ntchito yophunzitsa mpira akangobweretsa pepala la maphunzirowo. Ndinawaona akusintha. Anagula wenzulo ndi kope, n'kumajambula mizere ndi timivi pathebulo langa lodulira nsalu. Munthu amene simenti yokha ndiyo inkamudikira anayambanso kuyenda chotukula mutu.

Anandipempha kuti ndiwaperekeze ku ofesi. Munali mlembi wachikulire, thebulo limodzi, ndi mabuku aatali atasanjikizana mpaka pazenera. Atangotiona anaimirira.

"A Nyundo! Inu ndiye musavutike n'kulongosola. Ndinalipo tsiku lija munagoletsa zitatu kumvula. Tangondipatsani chiphaso cha boma."

Chiphaso cha boma amadinda zala, ndiye chimenecho achimwene anali nacho cha dzina lawo lenileni. Mlembi anachiyang'ana, anatsegula buku, anayendetsa chala kutsika, anatembenuza tsamba. Kenako anavula magalasi.

"Dzina ili mulibemo. Munthu ameneyu sanasewerepo mpira."

"Mukundidziwa, bwana. Mwangonena kumene."

"Ine ndikukudziwani. Buku silikukudziwani."

Achimwene anafotokoza zonse motsitsa mawu, akundiloza ngati ndine ndinayambitsa. Mlembi anatseka chitseko.

"Zimenezi sindinamve. Koma mukafuna kuti ndimve, lembani kalata. Malamulo akuti wosewera ndi dzina la wina timamufufuta m'buku, zigoli zonse ndi zaka zonse, ndipo saloledwanso kuyandikira bwalo. Mukapanda kulemba, zigoli zikhala, koma mwini wake ndi uyu." Anatembenukira kwa ine, osaseka n'komwe. "Inuyo ndiye mukuyenera. Mukufuna fomu?"

Ndinkayembekezera kuti achimwene amenya thebulo, poti oimbira mpira ambiri amawakumbukira ndi zimenezo. Sanatero. Anapempha kuti aone tsambalo. Mlembi anawatembenuzira buku, iwo n'kumawerenga chaka ndi chaka, milomo ikugwedera, chala chikudutsa pansi pa dzina langa. Anatenga nthawi yaitali, ndipo ine manyazi anandigwira ngati ndaba.

"Zisiyeni momwemo," anatero pomaliza. "Musafufute."

Tinatuluka n'kuyenda mpaka pamphambano. Ndinayesa kunena kuti mwina tikadandaule kwa akuluakulu, iwo anangopukusa mutu. Wenzulo uja anampatsa munthu woitanira minibasi.

Pano anabwerera kusitolo ya simenti, koma poti bondo silikulola, amakhala pageti n'kumatsegulira magalimoto. Satifiketi ili pakhoma pamwamba pa makina anga, ndipo kasitomala watsopano aliyense amafunsa. Poyamba ndinkayankha kuti ndi nkhani yaitali. Tsiku lina achimwene anandimva ndikutero, ndipo kasitomala atatuluka anandikalipira kuposa mmene ankakalipira oimbira mpira.

"Nkhani yaitali chiyani? Munthu wakufunsa za zigoli, iwe ukuyankha ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni! Ngati zili zako, uzizinena bwino."

"Ndinene chiyani, achimwene? Theka la izo sindinaone n'komwe."

"Ndikuphunzitsa. Khala pansi."

Ndiye masiku ano akaweruka amabwera, amakhala pabenchi ya makasitomala atawongola mwendo wodwalawo, n'kumandiuza chimodzichimodzi: bwalo lake, amene anaponya mpira, kumene goloboyi anagwera. Ine ndimabwereza uku ndikupalasa makina. Ndikalakwitsa amakwiya zenizeni. Dzulo tinafika pa chigoli cha 31, ndipo ndinati ndinamenya ndi mutu.

"Ayi, mphwanga," anatero, akuyang'ana pansi. "Chimenecho unagoletsa ndi mwendo wamanzere. Unali tsiku labwino kwambiri kwa iwe limenelo."