Tsiku Limene Ndinawakonzera a Njobvu Manotsi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo sindikhulupirira kuti pa Petauke panali mwana wina wodzimva kuposa ine. Ndinkaliza lipenga loyamba mu bandi ya patchalitchi pathu, ine mtsikana, anyamata atatu atandanda pambali panga n'kumanditsatira. Kuwonjezera apo ndinali ndi dzanja labwino polemba, moti aphunzitsi ankatenga kope langa kukalionetsa m'makalasi ena. Zinthu ziwirizi zinandikwera m'mutu, ndipo ndi zimene zinatsala pang'ono kuwalanditsa a Njobvu bandi yawo.

A Njobvu ndiwo ankatiphunzitsa. Anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala, n'kumalima thonje ndi mtedza kunja kwa tauni. Ali mnyamata ankaliza sakisofoni mu bandi yaikulu ya dansi ku Beira, ya amuna ovala majekete ofanana. Khutu lawo lakumanzere linafa ndi bomba, choncho ukamalankhula nawo ankapendeketsa mutu ngati nkhuku imene yaona mphamba. Zida zathu zinali mphatso yakale ya mpingo wina wakunja. Zinakhala zaka m'kachipinda kosungira katundu, akangaude akumangamo, mpaka iwo anazitulutsa, kuzikwecha ndi phulusa ndi mandimu, n'kusonkhanitsa ana. Tinali ndi malipenga anayi, matulomboni atatu aja okoka n'kukankha, masakisofoni atatu a alito, ng'oma, ndi gitala ya besi imene inkadya batire ya galimoto. Wina akatitcha bandi ya perete, a Njobvu ankatupa tsiku lonse.

Ntchito imene ankaikonda koposa inali yogawira zida nyimbo. Chaka chimenecho mipingo yathu inali ndi msonkhano waukulu ku Nyimba, ndipo iwo anasankha nyimbo ya Chinsenga imene anamva amayi akuimba pamtondo ku Msanzala. Ndinawaona akuigawa pakhonde pawo, pensulo atapanira kukhutu lakufa lija, pa mapepala amene analemba okha mizere isanuisanu ndi rula. Mawu a mayi wotsogolera anatipatsa ife a malipenga. Masakisofoni anawapatsa kuyankha monga amayankhira amayi enawo, kubwereza zomwezo zimene wotsogolera wanena. Matulomboni ndi besi anakhala misi, du, du, pansi pa nyimbo. Kumapeto zida zonse zinkakumana pa mawu amodzi. Akalemba pang'ono ankatseka maso, milomo ikugwedezeka, kenako n'kufufuta. Zida khumi ndi ziwiri zonsezo ankazimva m'mutu, pakhondepo pakulira nkhunda zokha.

Kunyumba kwathu ndinkamva zina. Atate anga, a Sakala, anali wapampando wa komiti ya patchalitchi, ndipo anzawo akabwera ankakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndikutsuka mbale chapafupi, makutu ali tcheru. Nkhani inali yoti a Njobvu atha. Khutu lotsalalo akuti nalonso layamba kugona, maso achita chifunga, ndipo kuli mnyamata wina wa kiyibodi amene yekha amatulutsa malipenga ndi ng'oma zomwe ndi zala khumi. Anagwirizana kuti Loweruka lina abwere adzamve nyimbo yatsopanoyo. Ikakoma, bandi ipita ku Nyimba. Ikapanda kukoma, zida zibwerera m'kachipinda muja ndipo mkuluyo apumule.

"Si kuti tiwazonda olo kudana nao," anatero atate, "koma munthu akakalamba afunika kumuthandiza kutula katundu."

Ndinawakwiyira atate, koma mawu awo analowa ndithu. Ndinayamba kuona momwe a Njobvu ankayandikitsira pepala kumaso, ndi momwe ankafunsira kawiri munthu akalankhula. Zimenezi ankachita chiyambire kale, kungoti tsopano ndinali nditauzidwa dzina lake.

Sabata la Loweruka limenelo kunagwa maliro a mlamu wa a Njobvu ku Mwape. Lolemba m'mawa, asanapite kokwera basi, anandipatsa pepala lawo lalikulu, lija lokhala ndi zida zonse pamodzi, mzere pansi pa mzere.

"Enelesi, dzanja lako ni labwino. Ukopele gulu iliyonse pepala yake. Monga mwamene nalembela, osasiya olo kadontho."

Ndinayamba ndi malipenga, ntchito ikuyenda ngati madzi. Nditafika pa masakisofoni ndinaima. Nyimboyo ndinkaidziwa, ndipo ndinkadziwa kuti masakisofoni akubwereza mawu athu enieniwo. Nanga bwanji manotsi awo sankafanana ndi athu? Pamene ife tinayambira pansi pa mizere isanu ija, iwo anayambira pa mzere wachiwiri. Koyambirira kwa mzere wawo kunalinso kachizindikiro kamene ife tinalibe. Ndinatsata ndi chala mpaka kumapeto, ndipo monsemo munali chimodzimodzi: noti iliyonse ya masakisofoni inali pamwamba pa yathu ndi masitepe anayi.

Mtima unandiwawa. Ndinati basi, zonena atate n'zoona, maso awapusitsa a Njobvu, ndipo Loweruka akachita manyazi pamaso pa anthu. Ndinalira pang'ono, kenako ndinanola pensulo. Ndinatsitsa noti iliyonse ya masakisofoni kuti ifanane ndi yathu, kachizindikiro kaja n'kukataya. Zinanditengera masana awiri, ndipo mapepalawo anatuluka okongola moti ndinawaonetsa amayi, amene sankadziwa n'komwe kuti kumwamba kwake ndi kuti. Ndinkadziona ngati mpulumutsi. Ndinati palibe amene adzadziwe, ngakhale eni akewo.

Lamulo la a Njobvu linali loti nyimbo yatsopano gulu lililonse liyambe laiphunzira palokha, tsiku lakelake, kuti aulesi asabisale kumbuyo kwa anzawo. Malipenga tinakumana Lachitatu, masakisofoni Lachinayi, matulomboni ndi besi Lachisanu. Paokha masakisofoni ankamveka bwino kwabasi. Ndinakaima pawindo kuwamvetsera, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha.

A Njobvu anafika Lachisanu dzuwa litapendeka, fumbi la ku Mwape lili m'tsitsi, ndipo panalibe nthawi yotiphatikiza. Loweruka m'mawa a komiti anakhala pa benchi yakutsogolo, atate pakati, chipewa chili pabondo. M'tchalitchi munkanunkhira polishi ndi mafuta a makina osokera amene tinkathira m'mabatani a malipenga. A Njobvu anakweza dzanja n'kuwerenga mpaka kanayi m'Chipwitikizi, monga ankachitira nthawi zonse.

Ife tinayamba bwinobwino. Misi ya matulomboni inalowa. Kenako masakisofoni anayankha. Inali nyimbo yomweyo, koma itagwera pansi, pamalo ena, ikukhulana ndi besi moti mano ankachita dzanzi. Mayi wina wa komiti anagwira pakamwa. A Njobvu sanadikire kuti tiyankhidwe kachitatu, anatsitsa dzanja. Anapita pa masakisofoni, anatenga pepala limodzi n'kuliyandikitsa kumaso. Sanaliyang'ane nthawi yaitali, ndipo ine sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira ku benchi.

"Pepani, azibambo na azimai. Mapepala ya masakisofoni yalakwika. Mulandu ni wanga. Nipatsenikoni ola imodzi chabe."

Atate anayang'ana anzawo, kenako anavala chipewa. "Awe, a Njobvu, osazivutitsa. Tamvela. Tizakamba mailo tikacoka mu chalichi."

Analankhula mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo ndi umene unandiopsa. Komabe ndinene zoona: ngakhale pamenepo sindinadziwe kuti ndine. Ndinkaganiza kuti anyamata a masakisofoni asokoneza, kapena pali zolakwika zina za a Njobvu zimene zinandipulumuka.

Anthu atatuluka, a Njobvu anandiitana. "Enelesi, bwela na lipenga yako."

Analemba noti imodzi papepala, pansi pa mizere, ija timayambira ife. "Liza iyi."

Ndinaliza. Iwo anatenga sakisofoni, ananyowetsa kabango kake ndi malovu, n'kuliza noti yomweyo ya papepalapo. Mawu anatuluka ena, otsika kuposa anga. Kenako analemba noti ya pa mzere wachiwiri, ija ndinaitsitsa ine, n'kundikodola kuti ndilizenso yanga. Ataliza yawoyo, mawu awiriwo analowana moti sindinathenso kudziwa kuti anga ndi ati. Ndinawamva akunjenjemera m'mano mwanga.

"Waona? Lipenga na sakisofoni sizinabadwe mofanana. Noti imodzi pa pepala, iliyonse iitulutsa na mau yake. Kuti zikambe cimodzi, wolemba afunika kuzilembela zosiyana. Iyo ndiye nchito yanga."

Ndinakhala pa benchi. Ndinaulula zonse, mpaka zimene ndinkamva pansi pa mtengo wa mango. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, mwinanso ndinkakufuna, poti kukalipa kumatha msanga. Iwo anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta sakisofoni ija pang'onopang'ono, batani ndi batani.

"Kusadziwa si mulandu, mwana wanga, sininakuphunzitse. Koma unaona cinthu cakudabwitsa. Sembe unakopela mwamene nalembela, nikabwela unifunse. Iwe unanimvelela cifundo." Anapendeketsa mutu, khutu lamoyo lili kwa ine. "A komiti akali kukambilana ngati nasila, ngati natha nchito. Iwe unagamula kale."

Ndamenyedwapo ndi shamu kusukulu, ndatukwanidwapo ndi anthu akuluakulu, koma palibe chinandipweteka ngati mawu amenewo. Ndinkawakonda a Njobvu, ndipo ndinali woyamba kuwataya.

Atate ndinawapeza akumanga tcheni cha njinga kuseri kwa nyumba. Ndinagwada n'kuwafotokozera, misozi ikusokoneza mawu. Poyamba sanakhulupirire.

"Uwaimilila chabe, iwe. Nidziwa uwakonda."

"Iyai, atata. Nine ninasintha. Pepala yao ikulu ilipo, ilibe colakwika."

Za manotsi atate sankazidziwa, ndipo kuwaonetsa mapepala kukanakhala kutaya nthawi. Anazunguliza pedulo kawiri, tcheni chikulira, kenako anafunsa funso lina.

"Iwo anadziwa kuti ndiwe?"

"Dzanja langa alidziwa."

"Pamene paja anayang'ana pepala, anadziwa? Nokamba pamaso panga ati mulandu ni wao?"

Ndinavomera ndi mutu. Atate anaika sipanala pansi n'kuyang'ana manja awo akuda ndi girisi. Lero ndimaona kuti anazindikira chimene ine sindinachione msanga: munthu amene anapeza cholakwika m'kanthawi kochepa chotero sanali wakufa makutu kapena maso, ndipo analolera kutaya bandi kuti mwana wa wapampando asachite manyazi pamaso pa bambo ake.

Chilango changa chinali choti ndikanene ndekha. Mawa lake mapemphero atatha ndinaima pamaso pa komiti yonse, lipenga lili m'manja, a Njobvu ali pambali ndi sakisofoni, ndipo tinawaonetsa za manotsi awiri aja. Mayi amene anagwira pakamwa uja anaseka mpaka kupukuta misozi. A komiti anatipatsa mpaka Lachitatu kuti adzaimvenso nyimboyo. Ndinakoperanso mapepala atatuwo monga momwe analembera eni ake, osasiya ngakhale kadontho.

Ku Nyimba tinapita pa lole, zida titazikulunga m'mabulangeti. Masakisofoni atayankha koyamba, amayi ena a ku Msanzala anaizindikira nyimbo yawo ya pamtondo. Anaimirira, nthungululu zinalira, ndipo anayamba kuyankha limodzi ndi zidazo. Titafika paja zonse zimakumana pa mawu amodzi, ndinaona a Njobvu atatsitsa dzanja, maso atatseka, akungomvetsera ndi khutu lawo limodzi lija.

Anatsogolera bandiyo zaka zina zitatu, mpaka maso anakanadi, ndipo anatula okha pa tsiku limene anasankha. Nkhani ya mapepala ija sanaitchulenso. Anapitiriza kundipatsa zokopera, ndipo pakhonde pomwe paja anandiphunzitsa kulembera chida chilichonse mogwirizana ndi kubadwa kwake. Ndi ntchito imene ndikugwira lero pa sukulu ina ku Nyimba, kugawira ana nyimbo.

Zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija linali la sakisofoni. Ndayamba kulimvetsa bwino tsopano pamene atate akalamba ndipo akukhala kwa ine. Chifundo chosafunsa chimamuika munthu pambali akadali chilili, ndipo wochichitayo amagona tulo tabwino poganiza kuti wathandiza. Mwezi watha ndinapeza atate atapachika thumba la mtedza wa mbewu pamwamba pa moto kukhitchini, utsi ukulikuta. Dzanja langa linali litafika kale pa chingwe kuti ndilichotse mwakachetechete, iwo asadziwe. Ndinalibweza dzanjalo. Nthawi zina amakhala ndi chifukwa, nthawi zina amakhala aiwaladi, ndipo sindingadziwe ndisanafunse. Ndinatuluka panja pamene anakhala akuwothera dzuwa, ndinagwada chakumbali imene amamva bwino, n'kunena mokweza pang'ono:

"Atata, thumba ija ya nshawa, mwaiika paja cifukwa ninji? Niuzenikoni."