Kabwato ka ku Hondarribia kananditulutsa m'dziko osadziwa

Anzanga a kuntchito ku Upper Hill amaseka ndikamakamba nkhaniyi, koma ndi yoona, sindinawonjezerepo kanthu.

Zaka zingapo zapitazo ofesi yathu ya kuno ku Nairobi inandituma ku msonkhano kumpoto kwa Spain, ndipo tinkagona ku Hondarribia, tauni yaing'ono ya asodzi yokhala pomwe mtsinje umathira m'nyanja, ya nyumba za makonde amatabwa opaka penti wofiira ndi wobiriwira, ndi linga lakale la miyala pachitunda. Tsiku lomaliza ndinati ndiwongoleko miyendo. Tsono mukudziwa mmene timachitira kuno, ndani amapita kukakwera matatu, maminibasi a kuno aja, m'tauni pasipoti ili m'thumba? Ndinaitsekera m'chikwama ku hotela, n'kutenga fotokope yokha.

Padoko ndinapeza kabwato kowolotsa anthu, ena ali ndi agalu awo, ena buledi m'manja. Ndinagula tikiti yopita ndi kubwerera n'kukwera. Patangopita mphindi zochepa tinakocheza tsidya lina, ndipo nditatsika ndinaona kuti chinenero cha pazikwangwani chasintha, apolisi awiri a yunifolomu yachilendo akufunsa anthu mapepala. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mtsinje uja ndi malire, ndili ku France wopanda pasipoti, ndege yanga ikunyamuka mawa lake.

Wapolisi mmodzi anayang'ana fotokope ija n'kunena kuti chimenechi si chiphaso, ndiwatsate kugalimoto. M'maganizo ndinadziona ndili m'chitolokosi, abwana akuimbira mayi a kunyumba ku Spring Valley, ntchito ya zaka zonsezi ikuthera pamenepo. Ndikanadziteteza bwanji m'chinenero chomwe sindichidziwa?

Anandipulumutsa ndi mkulu woyendetsa bwato uja, amene pokwera ndinamupatsa moni wa manja awiri monga timachitira kwathu. Anatsika n'kuwauza apolisiwo kuti mlendoyu wabwera naye pompano, ndipo n'zoonekeratu kuti sakudziwa kumene ali, chifukwa njira yonse amangojambula mbalame. Anayang'anizana, n'kulamula kuti andibweze kumene ananditenga. Pobwerera mkuluyo anandiseka m'Chingelezi chake chothyokathyoka kuti sanaonepo munthu wothawira ku France atagwira tikiti yobwerera m'manja. Ine kuseka kunabwera nditaponda padoko la Hondarribia.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye anamuika pamenepo munthu uja. Inu opita kunja, musayese malire onse ali ngati a ku Namanga kapena ku Mwanza, okhala ndi geti ndi mzere wa malole. Musanakwere chilichonse funsani kumene chikukatera, ndipo pasipoti ikhale pathupi.